Chaka cha Mlimi wa Mphesa M'dera la Bourgogne

Kumwera chakum'mawa kwa mzinda wa Paris, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300, kuli mzinda wakalekale wa dziko la France wotchedwa Dijon. Munthu akatuluka mu mzindawo nalunjika kumwera, amaona mtandadza wa mapiri aafupiafupi ku dzanja lake lamanja. M'mbali mwa mapiriwo, moyang'ana kotulukira dzuwa, muli minda ya mphesa yondondozana mtunda wa makilomita oposa 50. Apa ndiye pa mtima pa dera limene eni ake amalitcha Bourgogne, pamene Angerezi amati Burgundy, ndipo vinyo wake amagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri m'misika ya dziko lonse lapansi.

Dera limeneli ndi lotchukanso ndi maphwando ake. Amene amangomva mbiri ya maphwandowo angaganize kuti kumeneko kumakhala anthu okonda zosangalatsa chabe. Koma wofufuza chiyambi cha phwando lirilonse amapeza kuti linabadwa m'mavuto: matenda, umphawi, kusowa kwa malonda ndi thukuta la m'munda. Pofuna kumvetsa zimenezi nkoyenera kuyamba ndi nthaka yeniyeniyo, kenaka kutsatira chaka cha mlimi wa mphesa kuchokera mu Januwale mpaka mu Novembala.

NTHAKA IMENE AMONKE ANAIGAWA

Mphesa zakhala zikulimidwa m'derali kuyambira nthawi ya ulamuliro wa Aroma, koma amene anaika maziko a ulimi wa lero ndi amonke, amuna odzipatula kuti akhale moyo wa mapemphero ndi ntchito za manja. Nyumba ya amonke ya Cluny inakhazikitsidwa m'chaka cha 910, ndipo ya Cîteaux inatsatira mu 1098. Iwowa ankasowa vinyo wa pa Misa ndi wolandirira alendo, ndipo anthu achuma ankawapatsa minda ngati mphatso. Popeza ankalima malo omwewo mibadwo ndi mibadwo, anazindikira kuti mbewu imodzimodzi imabala vinyo wosiyana malinga ndi pamene yabzalidwa. Pamwamba pa phiri dothi ndi losaya ndi lozizira, m'chigwa ndi lolemera ndi losunga madzi, koma pakatikati pa chitunda, pamene dongo lasakanizika ndi miyala ya njereza, ndi pamene pamatuluka vinyo wopambana. Minda yotere anaizinga ndi mipanda ya miyala. Wodziwika kwambiri ndi Clos de Vougeot, munda wa mahekitala pafupifupi 50 umene mpanda wake unamalizidwa m'zaka za m'ma 1300.

Kachigawo kalikonse ka nthaka kotere kali ndi malire ake ndi dzina lake, ndipo eni ake amakatcha "climat". Tizigawo timeneti tiripo 1,247, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linatiika pa mndandanda wa chuma cha makolo choyenera kusamalidwa ndi dziko lonse lapansi. Mbewu zenizeni za m'tizigawomo ndi ziwiri: Pinot Noir ya vinyo wofiira ndi Chardonnay ya vinyo woyera. Kusankha kumeneku sikunayambe dzulo, pakuti mu 1395 Philippe le Hardi, mfumu yolamulira Bourgogne, analamula kuti mbewu ya Gamay izulidwe chifukwa inkabereka zochuluka koma zosafika pa Pinot Noir.

Anthu a ku France ataukira ufumu mu 1789, minda ya mpingo inalandidwa nigulitsidwa. Kenaka malamulo a Napoléon a mu 1804 anati chuma cha masiye chizigawidwa pakati pa ana onse. Chotsatira chake minda inanka nicheperachepera pa mbadwo uliwonse, kotero kuti lero Clos de Vougeot, umene unali ndi mwini mmodzi, uli m'manja mwa eni pafupifupi 80, ena a iwo ali ndi mizere yowerengeka chabe. Mlimi wa munda waung'ono chotere, wodalira manja ake ndi a banja lake, anali pa ngozi yaikulu akadwala. Apa ndi pamene panachokera phwando loyamba la chaka.

JANUWALE: TSIKU LA VINCENT WOYERA

Mwezi wa Januwale ku Bourgogne ndi nthawi ya kuzizira koopsa. Mipesa imakhala yopanda masamba, ngati zitsa zouma, ndipo iyi ndi nyengo yodulira. Mlimi amayenda mzere ndi mzere kudula nthambi zimene zinabereka chaka chatha, nangosiyako imodzi kapena ziwiri zodzabereka. Nthambi zodulidwazo ambiri amaziotcha m'wilibala yopangidwa ndi mgolo wachitsulo, ndipo utsi umaoneka ukufuka m'mapiri monse. Nthawi zambiri alimi amayesetsa kutsiriza ntchitoyi mphukira zisanatuluke.

Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, alimi a m'mudzi uliwonse anapanga magulu othandizana, ndipo ambiri mwa magulu amene alipo lero anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1800. Lamulo lake ndi lapafupi kumva: mnzawo akadwala, akavulala kapena akamwalira, otsalawo amapita kukagwira ntchito m'munda mwake popanda malipiro, kuti mkazi ndi ana asataye zokolola. Maguluwa anasankha Vincent Woyera, mtumiki wa mpingo wa ku Spain amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake cha m'ma 304, kukhala nkhoswe yao. Tsiku lake ndi 22 Januwale. Gulu lirilonse liri ndi chifanizo chake chosema cha Vincent, ndipo m'midzi yambiri chifanizocho chimasungidwa m'nyumba ya banja limodzi kwa chaka chathunthu chisanapite ku banja lina.

Mu 1938 kunayambika mwambo woti midzi yonse izikumana pamodzi, ndipo mudzi woyamba kulandira anzake unali Chambolle-Musigny. Chaka chirichonse phwandoli limasamukira ku mudzi wina, nchifukwa chake limatchedwa Saint-Vincent Tournante, ndiye kuti Vincent wozungulira. Limachitika kumapeto kwa Januwale. M'mamawa magulu makumi angapo amayenda pa mdipiti atanyamula zifanizo zao pa mapewa, amaika nkhata za maluwa pa chipilala cha anthu ofera ku nkhondo, kenaka amalowa m'tchalitchi. Alimi okalamba a m'mudzimo amapatsidwa ulemu pamaso pa khamu lonse. Popeza nyengoyi kulibe maluwa enieni, anthu a m'mudzi amatha miyezi yambiri akupanga maluwa a mapepala okongoletsera mitengo ndi misewu. Alendo zikwizikwi amabwera, aliyense nagula tambula yolawira vinyo amene alimi anasonkherana mphesa zake.

EPULO: USIKU WA MAKANDULO

Kuzizira kukayamba kutha, mipesa imatulutsa mphukira zanthete. Pa Pasaka mabanja amadya chakudya cha mwambo chotchedwa jambon persillé, nyama ya nkhumba yophikidwa m'vinyo woyera ndi timasamba tonunkhira, imene amaidya itazizira. Koma mtima wa mlimi sukhala pa mbale. Maso ake amakhala kumwamba, pakuti usiku umodzi wopanda mitambo m'mwezi wa Epulo ungathe kugwetsa chisanu chopsereza mphukira zonse.

Zimenezi zinachitika moopsa kumayambiriro kwa Epulo mu 2021. Kumapeto kwa Malichi kunatentha mosayembekezeka, mipesa niphukira msanga, kenaka kunabwera mausiku otsatizana a chisanu. Alimi anachezera m'minda kuyatsa makandulo aakulu a m'zitini, mazanamazana pa hekitala iriyonse, kuti mpweya wa pafupi ndi nthaka ufundeko pang'ono. Ku Chablis, kumpoto kwa derali, ena amawaza madzi usiku wonse kuti madziwo aundane pa mphukira ndi kuzitchinjiriza ku kuzizira koposa. Ngakhale anayesetsa chotero, zokolola za Bourgogne chaka chimenecho zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mphukira zikapulumuka chisanu pamatsalabe matalala, amene angathe kukuntha munda wonse m'mphindi zochepa, ndiponso matenda a masamba obwera ndi chinyezi.

VINYO PA TEBULO

Kwa anthu a ku Bourgogne vinyo malo ake ndi pa tebulo, pambali pa chakudya, ndipo kudziwa vinyo woyenerana ndi ndiwo iriyonse ndi luso limene munthu amaphunzira kwa makolo ake. Maziko a lusoli ndi osavuta. Vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makungu a mphesa, ndipo makunguwo amampatsa mtundu komanso kakomedwe kena koumitsa m'kamwa, kofanana pang'ono ndi ka nthochi yosapsa. Kuuma kumeneku kumafewa kukakumana ndi nyama ya mafuta. Vinyo woyera amapangidwa ndi madzi okha a mphesa, ndipo kuwawasa kwake kumatsuka m'kamwa munthu akadya nsomba, batala kapena tchizi.

Tsono chakudya chotchuka cha derali, boeuf bourguignon, ndi nyama ya ng'ombe yophikidwa pang'onopang'ono kwa maola angapo m'vinyo wofiira pamodzi ndi anyezi, bowa ndi tizidutswa ta nyama ya nkhumba. Nyama yake ndi yolimba ija imene siingafewe pokazinga, ndipo vinyo ndi moto wochepa ndi zimene zimaigonjetsa. Chimodzimodzinso coq au vin, tambala wophikidwa m'vinyo. Palinso oeufs en meurette, mazira a m'msuzi wa vinyo wofiira. Zonsezi zimadyedwa ndi Pinot Noir, pakuti lamulo lakale limati vinyo wa mumphika akhale wa mtundu womwewo ndi wa m'tambula.

Vinyo woyera ali ndi anzake. Nkhono zakumtunda zowotchedwa m'zigoba zake ndi batala ndi adyo zimayenda ndi Chablis kapena Aligoté. M'mbali mwa mtsinje wa Saône asodzi ali ndi pôchouse, msuzi wa nsomba za mumtsinje zophikidwa m'vinyo woyera. Chablis amakondedwanso ndi nkhono za m'nyanja zimene Afalansa amadya zosaphika, ndipo nchodabwitsa kuti m'miyala ya m'minda ya Chablis mumapezeka tizigoba ta nkhono zotere, chifukwa zaka mamiliyoni ambiri zapitazo malowo anali pansi pa nyanja. Mlendo akafika pa khomo amalandiridwa ndi gougères, timikate tofufuma ta tchizi, ndiponso chakumwa chotchedwa Kir, chimene ndi Aligoté wothiramo madzi otsekemera a tizipatso takuda ta cassis. Dzinali linachokera kwa Félix Kir, wansembe amene anali meya wa Dijon kuyambira 1945 mpaka 1968. Pa mapeto a chakudya pamabwera tchizi ya Époisses, ya fungo lamphamvu kwambiri.

Izi sizitanthauza kuti dziko la France silinaone kuipa kwa chakumwachi. Kale vinyo ankapezeka ngakhale m'nyumba zodyera za pa sukulu, mpaka boma linaletsa zimenezi kwa ana osafika zaka 14 mu 1956, ndi kwa ophunzira onse a sekondale mu 1981. Mu 1991 lamulo lodziwika ndi dzina la nduna Claude Évin linachepetsa kutsatsa malonda a zoledzeretsa. M'zaka za m'ma 1960 munthu mmodzi ku France ankamwa malita oposa 100 a vinyo pa chaka, koma lero chiwerengerocho sichifika ndi theka lomwe. Anthu akumwa wochepa, nasankha wabwino.

KUKOLOLA

Mipesa imachita maluwa cha mu Juni, ndipo alimi akale ankawerenga masiku 100 kuchokera pamenepo kuti adziwe nthawi yokolola. Kale munthu sankaloledwa kuyamba kuthyola mphesa akuluakulu a mzinda asanalengeze tsiku. Chifukwa cha mwambo umenewu, mzinda wa Beaune uli ndi mbiri yolembedwa ya masiku okolola yoyambira m'chaka cha 1354.

M'minda yotchuka mphesa zimadulidwa ndi manja. Antchito aganyu, ophunzira a m'makoleji ndi achibale amasonkhana kwa sabata imodzi kapena ziwiri, akuwerama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamene ena akusenza madengu kupita nawo ku ngolo. Mphesa zikafika ku nyumba yofulira zimafinyidwa, ndipo yisiti amasandutsa shuga wa m'madzi ake kukhala ukali wa vinyo. Kenaka vinyoyo amathiridwa m'migolo ya matabwa a thundu, uliwonse wa malita 228, nasungidwa m'zipinda za pansi pa nthaka kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Tsiku lomaliza kukolola, ngolo yotsiriza imakongoletsedwa ndi maluwa ndi masamba, ndipo mwini munda amakonzera antchito ake onse chakudya chachikulu chotchedwa paulée. Pa tsikuli bwana ndi waganyu amakhala pa tebulo limodzi. Ndi njira ya mwini munda yovomerezera kuti popanda misana ya anthu amenewa, dzina lolembedwa pa botolo likanakhala lopanda pake.

MASIKU ATATU A NOVEMBALA

Chimake cha chaka chimafika pa Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala, pamodzi ndi Loweruka la patsogolo pake ndi Lolemba lotsatira. Masikuwa amatchedwa Les Trois Glorieuses, kutanthauza atatu aulemerero.

Loweruka madzulo kumakhala mgonero m'nyumba yakale ya amonke ku Clos de Vougeot, wokonzedwa ndi bungwe la Confrérie des Chevaliers du Tastevin. Tastevin ndi kambale ka siliva kolawira vinyo m'chipinda cha mdima. Bungweli linayambitsidwa ku Nuits-Saint-Georges mu 1934 ndi Georges Faiveley ndi Camille Rodier, pa nthawi imene malonda anali ataima. Chuma cha dziko lapansi chinali chitagwa mu 1929, dziko la America linali litaletsa zoledzeretsa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo migolo inangodzaza popanda wogula. Amuna awiriwa anaganiza zoitana alendo kudzadya ndi kudzalawa, kuti akabwerera kwao akafalitse mbiri ya vinyo wa Bourgogne. Bungwe lomweli ndi limene linayambitsa Vincent wozungulira uja.

Lamulungu ndi tsiku la chipatala cha Beaune. Mu 1443, pamene dziko linali litasauka ndi nkhondo yaitali ya pakati pa France ndi England, Nicolas Rolin, nduna yaikulu ya mfumu ya Bourgogne, ndi mkazi wake Guigone de Salins anamanga Hôtel-Dieu, nyumba yosamaliramo odwala osauka. Mu 1457 chipatalacho chinalandira mphatso yoyamba ya munda wa mphesa, ndipo ena anatsanzira mpaka mindayo inafika mahekitala pafupifupi 60. Kuyambira mu 1859 vinyo wa m'mindayi amagulitsidwa pa okushoni. Wogula sagula botolo koma mgolo wathunthu, umene umatulutsa mabotolo pafupifupi 300, ndipo vinyoyo amakhala wa masabata ochepa chabe, woti asamalidwebe miyezi yambiri asanamwedwe. Odwala anasamutsidwira ku chipatala chatsopano mu 1971, nyumba yakaleyo nisanduka malo oonetsera zakale, koma ndalama za okushoni zimagwirabe ntchito yogulira zipangizo za chipatala ndi kusamala nyumbazo. Mu 2022 malondawa anabweretsa mayuro pafupifupi 29 miliyoni. Mgolo umodzi wapadera, umene ndalama zake zimapita ku mabungwe ena achifundo, unagulidwa pa mayuro 810,000.

Lolemba masana kumakhala Paulée de Meursault, imene Jules Lafon, meya wa mudzi wa Meursault, anaikhazikitsa mu 1923 potengera chakudya cha okolola chija. Anthu mazana angapo amakhala pamodzi, aliyense atabwera ndi mabotolo ake oti agawireko anzake. Pa phwandoli pamaperekedwanso mphotho kwa mlembi wa mabuku, ndipo mphothoyo ndi mabotolo 100 a vinyo wa Meursault.

ZIMENE ZIRI KUTSOGOLO

Bourgogne inapyolamo kale m'zoopsa. Mu 1878 kachirombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanapezeka ku Meursault, ndipo m'zaka zotsatira minda inafa yambirimbiri. Alimi anaipulumutsa pomezanitsa mipesa yao pa mizu ya mipesa ya ku America imene kachiromboko sikaigonjetsa, ndipo njirayo ikutsatidwa mpaka lero. Mavuto a tsopano ndi a mtundu wina, ndipo ndi awiri.

Loyamba ndi kusintha kwa nyengo. Akatswiri amene anasanthula mbiri ya masiku okolola a ku Beaune analengeza mu 2019 kuti kuyambira 1988 kukolola kumayamba masiku pafupifupi 13 msanga poyerekeza ndi zaka mazana asanu ndi limodzi za m'mbuyo. Mu 2003 ndi mu 2020 mphesa zinathyoledwa mu Ogasiti, pamene makolo anazolowera kumapeto kwa Seputembala. Pinot Noir ndi mbewu yokonda malo ozizirirako, ndipo ikapsa mofulumira imachuluka shuga nitaya kuwawasa kumene kumaiyeneretsa pa chakudya. Mipesa ikaphukira msanga, ngozi ya chisanu cha mu Epulo imakulanso.

Lachiwiri ndi mtengo wa nthaka. Hekitala imodzi ya m'minda yapamwamba kwambiri tsopano imagulidwa pa mayuro mamiliyoni angapo. Kholo likamwalira, ana amayenera kulipira msonkho wa chuma cha masiye molingana ndi mtengo umenewu, ndipo amene akufuna kupitiriza kulima amayeneranso kugula magawo a abale ake. Mabanja ena amalephera, nagulitsa. Munda wa Clos des Lambrays unagulidwa ndi kampani ya LVMH mu 2014, ndipo woyandikana nao, Clos de Tart, unapita kwa banja lolemera la Pinault mu 2017. Kampani ingathe kusamala mipesa bwino lomwe, koma mwambo wa Vincent Woyera unamangidwa pa alimi okhala m'mudzi umodzi, odziwana maina, amene aliyense akudziwa kuti mawa wodwala angakhale iye.

Maphwando angapitirire ngakhale minda itasintha eni, pakuti alendo obwera ndi ndalama sadzasowa. Koma chimene chinawapatsa tanthauzo sichioneka pa tsiku la chikondwerero. Chimaoneka m'mawa wina wozizira wa mu Febuluwale, pamene alimi a m'mudzi asiya minda yao natenga zodulira kupita m'munda wa mnzao amene ali gone m'chipatala. Ngati achinyamata a m'midzi ya Bourgogne adzapezabe nthaka yolima ndi mtima wochitirana zotere, maphwando a makolo ao adzakhalabe ndi chifukwa chochitikira.